Zovala zamuthina mwana: tipite nazo kuti kuno ku Joni? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amayi anzanga a kuno ku Johannesburg amandifunsa kawirikawiri. Ena timapemphera limodzi, ena tinadziwana pamzere wa kusikelo, ena amangondiimbira foni atamva kuti ndimasonkhanitsa tizovala ta makanda. Ine ndimakhala ku Rosettenville ndipo ana anga awiri anabadwira konkuno. Chimene chimandiwawa ndi ichi: m'nyumba imodzimodziyo, chipinda china muli thumba la zovala zothina likungodya fumbi pamwamba pa wadirobu, chipinda chinacho muli mayi amene khanda lake lili ndi mavesiti awiri okha, ina ili pathupi ina ili pachingwe. Amayi awiriwa amapatsana moni m'mawa uliwonse pampopi, koma za zovalazo sakambirana.

Mwana wanga ali ndi miyezi 6 yokha koma zomuchepera zadzadza kale thumba. Kodi ndinawononga ndalama?

Ayi mayi, ndi mmene makanda amakulira. Tsegulani kabuku ka kusikelo kaja ka Road to Health muone nokha. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3, pofika miyezi 5 kapena 6 amakhala atafika pa 6, ndipo pokwanitsa chaka amakhala cha m'ma 9. N'chifukwa chake ku PEP ndi ku Ackermans tizovala amatilemba kuti 0-3, 3-6, 6-12. Toyambirira tija ana ena amangotivala masabata atatu basi. Chovala chotere sichinathe. Changomuchepera wanuyo, koma chikhoza kuveka ana ena atatu chisanang'ambike.

Ndiyambire kuti?

Yambirani pakhomo pomwepo. Musanaganize za bungwe kapena basi ya kumudzi, tayang'anani anthu amene mumagawana nawo bafa ndi khitchini. Ku Yeoville, ku Berea, ku Turffontein, ku Diepsloot, ku Cosmo City, kulikonse kumene tili ambiri, simungayende nyumba zisanu osapeza mtsikana woyembekezera amene alibe wake kuno. Kumudzi mayi wachisamba sada nkhawa ndi zimenezi. Apongozi amabwera ndi chitenje, azakhali ndi shawelo, mkulu wake amatulutsa matewera a mwana wake wachiwiri, ndipo potuluka chikuta khanda limakhala lili ndi zonse. Kuno mtsikanayo ali ndi mwamuna wake yekha, mwamunanso ndi wa maganyu a m'munda, sabata ina apeza, ina osapeza, lendi ikudikira pa 1. Azakhali ake kuno ndi ifeyo.

Ngati pafupi palibe, pitani nalo thumbalo kwa amayi a kumpingo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, amayi a Chikatolika, amayi a Dawa kumzikiti, onsewa amadziwa amene watsala pang'ono kuchira ndi amene wangotuluka kuchipatala. Pa gulu la WhatsApp la anthu a kwanu mungathenso kulemba kuti muli ndi zovala za miyezi yakutiyakuti, wofuna akuyankheni kumbali. Mawu akuti kumbaliwo musawaiwale, pakuti pagulu palibe mayi angadziulule kuti akusowa.

Ndimaopa kuti munthu angaone ngati ndamuderera. Ndipereke bwanji?

Mantha amenewa ndi abwino, ndipo amasonyeza kuti mukumuganizira mnzanuyo. Munthu amene anasiya kwawo kudzasaka ndalama safuna kuoneka wopemphetsa, makamaka pamaso pa anthu a kwawo omwe, amene mawa akhoza kukaifikitsa nkhani kumudzi.

Ine ndimachita chonchi. Ndimapita madzulo, thumba lili lotseka, osati masana anthu ali pabwalo. Ndikakhala pansi ndi kumwa tiyi, ndimati, "Achemwali, izi zamuchepera mdzukulu wanu uja, ndiye m'chipinda mwanga malo mulibe. Tandithandizeni, musankhepo zimene zingakukomereni, zotsalazo mupatse wina." Mukatero mwamupatsa mpata wosankha, mwamupatsanso mpata woti naye akhale wopereka. Musamaime pomwepo kudikira kuti atsegule. Musamajambule chithunzi. Ndipo mukadzamuona mwanayo kutchalitchi atavala kadiresi kaja, musanene pagulu kuti kanali ka mwana wanu. Mungoti watchena, basi.

Nanga mabungwe olandira zovala za makanda alipo ati mu Johannesburg?

Alipo angapo odziwika bwino. Ku Westcliff kuli Princess Alice Adoption Home, nyumba yolerera makanda yomwe ili pansi pa Jo'burg Child Welfare, bungwe lakalekale lomwe linayamba mu 1909. Bungwe lomwelo lili ndi malo ena ku Soweto otchedwa Othandweni. Ku Doornfontein, pafupi ndi tauni, a Salvation Army ali ndi Ethembeni, komwe amalera ana aang'ono kwambiri. Door of Hope inayamba mu 1999 pa tchalitchi china ku Berea pofuna kupulumutsa makanda otayidwa. Ku Bertrams kuli Bienvenu Shelter, komwe amasunga amayi othawa kwawo pamodzi ndi ana awo, ndipo ine mtima wanga umapendekera kumeneko chifukwa amayi a kumeneko ndi alendo ngati ife tomwe.

Palinso mashopu a HospiceWits, ina ili ku Orange Grove m'mbali mwa Louis Botha Avenue. Kumeneko zovala amazigulitsa motchipa, ndalama zake n'kuthandizira odwala matenda aakulu. Ndi njira yabwino ndithu, koma dziwani kuti chovalacho sichipita mwachindunji pathupi pa khanda.

Musanakwere takisi ndi thumba, yambani mwaimba foni. Nyumba zimenezi nthawi zina zimakhala ndi zovala za msinkhu wina zambirimbiri, pamene chikusowa ndi mapampasi, sopo kapena mkaka. Afunseni kuti akufuna za miyezi ingati, komanso tsiku ndi nthawi imene amalandira katundu.

Mapepala anga anatha. Sindikakumana ndi mavuto pokapereka?

Kupereka zovala si nkhani ya mapepala. Pageti mlonda akhoza kukulembetsani dzina m'buku monga achitira ndi mlendo aliyense. Koma ngati mtima sukukhazikika, kapena ulendo wa m'tauni ukukuopsani, musadzikakamize. Patsirani mnzanu kapena amayi a kumpingo, zikafika chimodzimodzi.

Kodi ndingapite nazo kuchipatala?

Amayi ambiri a kwathu amachirira ku Rahima Moosa ku Coronationville, ku Charlotte Maxeke, ku Bara, ku Edenvale, ku Tembisa kapena pa kiliniki ya ku Hillbrow. M'zipatala zonse za boma mumapezeka amayi amene matenda awadzidzimutsa, afika opanda ngakhale kachipewa koveka mwana potuluka. Simungalowe mu wodi n'kuyamba kugawa nokha, sizololedwa. Funsani ofesi ya a social worker, iwo ndi amene amadziwa mayi wosowa komanso ngati akulandira zinthu panthawiyo.

Zimene zimafunika kwambiri kumeneko ndi tating'onoting'ono tija: tizipewa, timasokosi, timavesiti toyambirira ndi timabulangete. Mwana wobadwa masiku asanakwane amamuika pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, njira ija amati kangaroo, ndipo kachipewa ndi kofunika chifukwa khanda limataya kutentha kwambiri kudzera m'mutu. Tizipewa timene inu mukuti n'tochepetsetsa kupatsa munthu, kumeneko ndi timene akusaka.

Ine ndimafuna nditumize kumudzi. Si bwino kuthandiza abale anga enieni?

Ndi bwino, ndipo palibe angakuletseni. Koma pano ndifatsepo, chifukwa ndi pamene zovala zambiri zimafera.

Mlamu wanga atachira ku Thyolo, ndinalongedza thumba la zovala za 0-3, zochapa bwino, zosita. Ndinati ndidikire munthu wodalirika. Woyamba anati katundu wachuluka. Wachiwiri anatchula mtengo woposa zovalazo. Wachitatu analitenga, koma linakhala m'nyumba mwake kudikira kuti katundu akwane. Linafika kumudzi mwana ali ndi miyezi 5, ndipo palibe chimene chinamukwana kupatula shawelo. Nthawi yonseyo, pakhomo loyandikana ndi langa panali khanda limene likanavala zonsezo m'nyengo yozizira. Mpaka lero zimandikhudza.

Ndiye ngati mukutumiza, werengani miyezi. Tumizani za msinkhu umene mwanayo adzakhale atafika katundu akamafika, ndipo muwonjezerepo miyezi iwiri. Basi yochoka ku Park Station imadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo ulendowo umatenga pafupifupi masiku awiri zikayenda bwino. Munthu amene akupita yekha pa basi amafikitsa msanga kusiyana ndi matransipota, amene amayamba adikira kuti galimoto idzadze. Kambiranani mtengo musanapereke, lembani dzina ndi nambala ya wolandira kunja kwa thumba ndi papepala lina mkati, ndipo muuzeni wolandirayo kuti muli zinthu zingati. Pachipata a MRA akaona zovala zambiri zofanana akhoza kuziyesa za malonda n'kufuna msonkho, choncho musaunjike matumba atatu pa munthu mmodzi.

Ganiziraninso za nyengo. Majuzi okhuthala ndi zovala zaubweya za kuno zimathandiza ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwana wa ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Salima kapena ku Mangochi adzangotuluka nazo thukuta. Ameneyo mutumizireni za thonje zopepuka, zokhuthalazo zitsale kuno. Kumbukiraninso kuti kaunjika ali ponseponse kwathu, ku Limbe, ku Lilongwe, ngakhale pa msika wa pa trading centre. Nthawi zina ndalama imene mukanalipira transipota, mukaitumiza pafoni, mlamu wanu akasankha yekha zomukwana mwana sabata yomweyo.

Amene akufuna kuthandiza kwathu koma alibe khanda pachibale, ku Blantyre ndi ku Mangochi kuli Open Arms Infant Home, komwe amalera makanda amene amayi awo anamwalira. Nakonso yambani mwafunsa.

Ndizikonze bwanji ndisanapereke? Zovala sizingapatsire matenda?

Chapani zonse, ngakhale munazichapa musanasunge. Thumba likakhalitsa limagwira fungo la chinyezi. Sopo wa Sunlight wa mtanda uja ndi wokwanira. Tsukuluzani kawiri kuti sopo achoke, chifukwa khungu la khanda silichedwa kutuluka tizilonda. Yanikani padzuwa mpaka ziume gwa, kenaka sitani. Amayi athu ankasita thewera lililonse mbali zonse chifukwa cha ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zoyanika, mphutsi zake n'kulowa pakhungu la mwana. Chizolowezi chimenecho musachisiye.

HIV siyenda pa zovala, pamenepo musade nkhawa. Zimene zimayenda ndi mphere, nsabwe ndi nsikidzi. Ngati mwana anadwalapo mphere, chapani ndi madzi otentha ofika madigiri 60, kapena mangani zovalazo m'pulasitiki kwa masiku osachepera atatu musanachape. Nsikidzi ndiye zovuta, zimakhala miyezi osadya, ndipo m'mafulati akale a m'tauni zilimo zambiri. Ngati m'chipinda mwanu zilimo, madzi otentha ndi simbi n'zosathawika, ndipo thumba lakalelo musaperekere.

Mukatha, pindani molingana ndi msinkhu, za 0-3 pazokha, za 3-6 pazokha, mulembe pakapepala. Mayi amene wangochira alibe mphamvu zofwanyula thumba lonse kusaka sokosi inzake.

Amayi anga anandiletsa kupereka chovala cha mwana kwa munthu wosamudziwa, ati angamuchitire zoipa. Nditani?

Funso ili ndimalimva kawirikawiri, ngakhale ambiri amalifunsa monong'ona. Tinakula tikuuzidwa kuti chovala chimene chakhudza thupi la mwana, munthu wa mtima woipa akhoza kupita nacho kwa sing'anga. Enanso amakana kulandira pa chifukwa chomwecho, ndipo ena safuna chovala cha khanda m'nyumba mwana asanabadwe. Ine sindikhulupirira kuti kavesiti kochapa kangapweteke mwana amene anakavula, ndipo za ana anga zavalidwa m'nyumba zambiri iwo ali bwinobwino. Komabe sindingakuuzeni kuti munyoze mawu a amayi anu, n'kumagona mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse mwana akatentha thupi.

Njira ilipo. Perekani kwa m'bale kapena mnzanu wapamtima amene amayi anuwo akumudziwa. Apo ayi, kasiyeni ku shopu ngati ya HospiceWits, komwe zimasakanikirana ndi za anthu mazanamazana ndipo palibe angadziwe kuti ichi chinali cha mwana wa uje. Kwa mayi amene safuna kulandira asanachire, musungireni inuyo, mudzamupititsire tsiku limene watuluka kuchipatala. Chimene ndikukupemphani ndi choti musaotche zovala zabwinobwino chifukwa cha mantha.

Mwana wanga anatisiya. Zovala zake zili mu sutikesi, sinditha kuziyang'ana.

Pepani mayi, pepani kwambiri. Palibe tsiku loikika loti muzichotse, ndipo munthu asakufulumizeni. Mabanja amasiyana miyambo pa nkhani imeneyi, choncho kambiranani ndi bambo a mwanayo komanso akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ngakhale pafoni, kuti pasadzakhale mawu pambuyo pake.

Mukadzaona kuti nthawi yakwana, simuyenera kutsegula sutikesiyo nokha. Itanani mayi mmodzi amene mumamukhulupirira akhale nanu. Sankhani zimene mukufuna kusunga, zingakhale zambiri. Zotsalazo ndi bwino zipite kutali, ku nyumba ya makanda kapena kuchipatala, osati kwa woyandikana naye. Mayi wina amene ndinamuthandiza kulongedza anandiuza kuti sakanatha kupirira kuona kajuzi ka mwana wake kakudutsa pakhomo pake pamsana pa mayi wina. Tinapita nazo mbali ina ya mzinda, iye anatsala kunyumba.

Ndi ziti zimene sindiyenera kupereka?

Chong'ambika, chothimbirira mkodzo kapena chachita nkhungu, chimene inuyo simungamuveke mwana wanu, musapatse munthu. Onani mabatani ndi timikanda tokongoletsa, ngati tikugwedera sokani kapena chotsani, chifukwa khanda limaika chilichonse m'kamwa. Zingwe za pakhosi ndi za pachipewa cha juzi zisololeni. Madami ndi nsonga za mabotolo zogwiritsa kale ntchito, mkaka wa m'chitini wotsegula ndi mankhwala otsala, zimenezo ayi. Pilo ndi zidole zikuluzikulu zofewa si zoika pogona khanda, ndiye mukamapereka kabedi musaziphatikizemo.

Mpando wa mwana wa m'galimoto uli ndi nkhani yakeyake. Kuyambira 2015 lamulo la dziko lino limafuna kuti mwana wosakwana zaka 3 azikhala pa mpando wotere m'galimoto ya munthu. Mpando umene unakhalapo pangozi usaperekedwe, ngakhale ukuoneka wabwino. Bungwe la Wheel Well limalandira mipando yakale, kuiunika, kuitsuka ndi kuipereka kwa makolo ena.

Kodi kugulitsa n'kulakwa?

Ayi. Munagula ndi thukuta lanu, ndipo mwanayo akufunika za msinkhu wotsatira. Zinthu zikuluzikulu monga pram, kabedi ndi beseni zimayenda msanga pa Facebook Marketplace. Zovala wamba musayembekezere zambiri, chifukwa pa dunusa, kaunjika wa kuno ku Joni, zaunjikana zotchipa kale. Kumanani ndi wogula pamalo pa anthu ambiri, masana, ndipo katundu asachoke m'manja mwanu chifukwa cha uthenga wa pafoni woti ndalama zatumizidwa. Muyambe mwaziona mu akaunti yanu.

Koma zimene munapatsidwa kuti muthandize nazo ena, zimenezo musagulitse.

Abwana anga amandipatsa matumba a zovala za ana awo, zambiri kuposa zimene ndikufuna. Ndikane?

Musakane. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Sandton, ku Randburg ndi ku Fourways ndi amene amatibweretsera zovala zabwino kwambiri, zina zikadali ndi pepala la kusitolo. Auzeni abwanawo mosabisa kuti zina mumagawira amayi anzanu. Ambiri amakondwa, ena mpaka amauza anzawo. Apempheni kuti akulembereni kauthenga pafoni kosonyeza kuti akupatsani, kuti mlonda wa pageti asakuvutitseni potuluka ndi thumba.

Ilipo nthawi imene zimafunika kwambiri?

Kuyambira May mpaka August. Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo m'bandakucha wa June ndi July udzu umayera ndi chisanu. M'nyumba ya malata kuzizira kumeneko kumalowa mpaka m'mafupa. Zofunda ndi majuzi muzipereke mu April, musadikire kuti kuzizire kaye. Pa 18 July, tsiku la Mandela, anthu ambiri amapita ndi mphatso ku nyumba za ana, ndiye ngati mungathe, pitani mwezi wina umene kulibe owayendera.

Nyengo yozizira ndi nyengonso ya moto, chifukwa cha mbaula, makandulo ndi masitovu a parafini. Tonse tikukumbukira usiku wa pa 31 August 2023, pamene nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 n'kumwalira, mwa iwo muli Amalawi anzathu. Opulumuka anatuluka ndi zovala za pathupi zokha, ena atabereka ana. Kuyambira pamenepo ine ndimasunga thumba limodzi lochapachapa pansi pa bedi, muli bulangete, matewera ansalu, zitenje ziwiri ndi zovala za misinkhu yosiyana, kuti foni ikalira usiku ndisayambe kufunsa anthu. Gulu lililonse la amayi likanakhala ndi thumba lotere.

Ndikufunabe mwana wina. Ndisunge kapena ndipereke?

Ngati muli woyembekezera kale, kapena mukuganiza za chaka chamawa, sungani. Ziume bwino, muziike m'chinthu chotseka, kutali ndi khoma lachinyezi. Ngati ndi nkhani ya "mwina m'tsogolomu", lasitiki imafa, nkhungu imalowa, ndipo ife a lendi timasamuka pafupipafupi, thumba n'kumatsalira m'njira. Mukhoza kubwereketsa. Muuzeni mnzanuyo poyera kuti mudzazifunanso, muike kachizindikiro ka ulusi wofiira mkati mwa kolala, ndipo muvomereze kuti zina sizidzabwerera.

Kamodzi kapena tiwiri sungani ndithu. Ine ndinasunga kachipewa kamene mwana wanga woyamba anavala potuluka kuchipatala, ndi chitenje chimene amayi anga anatumiza pa basi kuti ndizimuberekera. Zili pansi pa sutikesi, ndipo ndidzamupatsa akadzakula.

Nanga zong'ambika zija ndizitaye?

Za thonje ziduleni zikhale zopukutira. Matewera ansalu akale amapukuta magalasi bwino kuposa nsalu zogula, ndipo amayi ogwira ntchito m'nyumba amawafuna. Ngati mukudziwa telala, mupatseni mabatani, mazipi ndi tizidutswa tokongola, ena amalumikiza n'kusoka kabulangete. Zankhungu zokhazo ndiye mangani m'pulasitiki, muponye mu bini ya Pikitup.